Kamera m'Tinjira ta Stone Town

[KANYIMBO KOTSEGULIRA: taarab, kayambe mokweza kenako katsike]

WOULUTSA: Lero tikamba za kujambula zithunzi pamene munthu uli paulendo mumzinda wa eni.

Masiku ano kamera ili m'thumba mwa aliyense, poti foni iliyonse imakhala nayo. Abale athu akapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, kapena ku Johannesburg kukagwira ntchito, zithunzi zimangoti mbwee pa WhatsApp. Koma mukaziyang'anitsitsa, zambiri ndi nkhope ya mwiniwake, kumbuyo kuli khoma lomwe likhoza kukhala la kwina kulikonse. Mzinda umene iye anapitako sukuoneka. Eni mzindawo sakuoneka, zimene amadya sizikuoneka, mamangidwe awo sakuoneka. Munthu wayenda mtunda wautali chotere, ndalama zatha, koma zomwe maso ake anaona wazisiya komweko.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tisankhe mzinda umodzi tiyendemo. Ndasankha Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, pachilumba cha Unguja m'dziko la Tanzania. Eni ake amautchula Mji Mkongwe. Munthu wochoka kuno ku Malawi akhoza kudutsa pachipata cha Songwe, n'kupita ku Mbeya mpaka ku Dar es Salaam, kenako n'kukwera sitima ya pamadzi imene imatenga pafupifupi maola awiri. Bungwe la UNESCO linaika Stone Town pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse m'chaka cha 2000.

[NYIMBO IKWERE PANG'ONO, ITSIKENSO]

Nyimbo mukumva chapansipansiyi ndi taarab, nyimbo za kumeneko. Mayi wina wa ku Zanzibar, Siti binti Saad, anakajambulitsa nyimbo zamtunduwu ku Bombay m'chaka cha 1928, ndipo mpaka lero mukamayenda m'tinjira madzulo, mumazimva zikutuluka m'mawindo.

Tiyambe ndi kuwala, chifukwa chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi kuwala. Zanzibar ili pafupi ndi pakati penipeni pa dziko, choncho masana dzuwa limakhala paliwombo ndipo limawala moboola m'maso. Mukajambula munthu nthawi imeneyo, maso ake amalowa mumthunzi, chipumi n'kumanyezimira, khoma loyera kumbuyo kwake n'kupserera moti simuonanso kuti ndi khoma. Vuto si foni yanu ayi, ndi nthawi imene mwajambulira. Kuwala kwabwino kumabwera m'mamawa dzuwa likangotuluka, komanso madzulo likapendeka. Ndipo dziwani kuti kumeneko dzuwa likangolowa, mdima suchedwa. Mukati mukayambe mwasamba kaye, mupeza kwada kale.

Komabe Stone Town ili ndi khalidwe lakelake. Nyumba zake ndi zosanja, ziwiri, zitatu, zina zinayi, zomangidwa mothithikana, ndipo tinjira ta pakati pake ndi topanikiza kwambiri moti galimoto silowamo, mumangodutsa anthu, njinga, njinga zamoto ndi ngolo zokankha. M'tinjira timeneti dzuwa silifika pansi kupatula masana. Ndiye nthawi yomwe pabwalo kuwala kwaipa, m'kanjira ndi mmene kwakoma: dzuwa limagwa ngati kamzere kamodzi pakati pa mthunzi, makoma oyera n'kumalibweza mofewa kumbali zonse. Mukapeza kamzere kotere, imani. Musathamangitse anthu ndi kamera. Konzani chithunzi chanu chonse kanjira kali kopanda munthu, dinani chala pafoni pamalo owalawo kuti kamera iyeze kuwala pamenepo, ndipo dikirani. Posachedwa adutsa bambo wa njinga atamanga mtanga wa nsomba kumbuyo, kapena ana a madrasa atanyamula mabuku awo. Akamaloŵa m'kuwalako, ndiye dinani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito ino mawuwo ndi oona tsiku lililonse.

Njira imeneyi si yachilendo. Wojambula wa ku France, Henri Cartier-Bresson, amene ankayenda ndi kakamera kakang'ono ka Leica, anatchuka nayo kwambiri, ndipo buku lake la zithunzi la mu 1952 likuphunzitsidwabe mpaka lero. Kawirikawiri iye ankapeza malo abwino kaye, n'kudikira kuti moyo udzadutsepo wokha.

Tsopano tifike pa nkhani imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse, nkhani ya anthu amene mukuwajambulawo. Ifeyo Amalawi tikuidziwa bwino nkhani imeneyi, kungoti tinazolowera kukhala mbali inayo ya kamera. Galimoto imaima pamsewu, mlendo n'kutsitsa windo, n'kujambula mayi ali pamjigo mwana ali kumbuyo, osapereka ndi moni womwe, galimoto n'kumapita. Mayi uja sadziwa kuti nkhope yake yapita kuti, ndipo akaikapo mawu otani pansi pake. Zimapweteka, ndipo n'zoyenera kupweteka. Ndiye inu mukafika kwa eni, kamera ili m'manja mwanu, musakachite zomwezo.

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Amayi ambiri amavala buibui, chovala chakuda chofika kumapazi, ndipo ambiri mwa iwo safuna kujambulidwa ndi munthu wosamudziwa, makamaka wamwamuna. Yambani ndi moni. Kwa munthu wamkulu mumati "Shikamoo," iye n'kuyankha kuti "Marahaba." Kenako pemphani kuti, "Naomba kupiga picha." Akakana, thokozani ndi kupitirira. Musabwerere chakumbali n'kumajambula mobera foni ili m'chiuno, chifukwa kumeneko ndi kuba ndithu. Ana musawajambule popanda chilolezo cha makolo awo. Pakhomo pa mzikiti nthawi ya mapemphero, kamera ilowe m'thumba. M'mwezi wa Ramadan anthu amakhala akusala masana onse, choncho si nthawi yoyenda mukutafuna mumsewu kapena kufunafuna zithunzi za chakudya. Dikirani dzuwa lilowe, pamene misewu imadzaza ndi anthu omasula kusala. Ndipo monga mmene zilili m'maiko ambiri, malo a asilikali, apolisi ndi nyumba zina za boma sajambula.

Ena amadandaula kuti ukapempha, munthu amauma thupi, n'kuima njo, chithunzi n'kutha moyo. N'zoona kwa mphindi ziwiri zoyamba. Mankhwala ake ndi kukhalitsa. M'katikati mwa Stone Town muli kabwalo kotchedwa Jaws Corner, pomwe abambo amasonkhana m'mawa ndi madzulo kumwa khofi wowawa wa m'timakapu ting'onoting'ono, akudyera maswiti otchedwa kashata, uku akukambirana za ndale ndi za mpira. Kutsogolo kwa nyumba zambiri kuli mabenchi a miyala omangidwa kumodzi ndi khoma, amene amawatcha baraza, ndipo anthu amakhala pamenepo kucheza ndi kusewera bao, bawo yemweyu timasewera kuno. Mukakhala pa baraza, n'kugula khofi, n'kuonerera masewero amodzi mpaka atha, anthu amaiwala za kamera yanu. Pamenepo ndi pomwe mumapeza dzanja la gogo likufesa njere m'maenje, mnzake atagwira kuchibwano kuwerengera. Chithunzi chimenecho wodutsa wothamanga sangachipeze. Mukajambula, aonetseni. Ngati ali ndi foni, atumizireni.

[NYIMBO KWA MASEKONDI OCHEPA]

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kujambula zithunzi mumzinda wachilendo, ndipo tili ku Stone Town, ku Zanzibar. Tiyeni tsopano tikweze maso tione nyumba.

Dzina lakuti Stone Town linabwera chifukwa cha miyala imene anamangira, yomwe ndi miyala ya m'nyanja, yopepuka ndi yamabowomabowo, yomatidwa ndi laimu. Nyumba zambiri zimene zilipo lero zinamangidwa m'zaka za m'ma 1800, mfumu Seyyid Said ya ku Oman itasamutsira likulu lake kumeneko kuchoka ku Muscat cha m'ma 1840, pamene malonda a minyanga, a zonunkhiritsa chakudya zotchedwa karafuu, ndi a akapolo anali pachimake. Mwala umenewu umamwa madzi ndipo umafuna kupuma. Anthu akaupaka simenti m'malo mwa laimu, chinyontho chimatsekeredwa mkati, khoma n'kumaola chamkati. Ndiye mawanga akuda ndi obiriwira amene alendo amawakonda pazithunzi, kwa mwini nyumba ndi matenda. Wojambula wodziwa zimenezi amaona khoma mosiyana ndi uja amangoti nyumba zakalezi n'zokongola.

Chotchuka kwambiri ndi zitseko. Zilipo mazanamazana, zamatabwa olimba, zosemedwa mwaluso, ndipo kale chitseko chinkanena za mwini nyumba: chuma chake, chipembedzo chake ndi kumene anachokera. Zitseko za kapangidwe ka Chiarabu zimakhala zamakona anayi, pamwamba pake atasemapo mawu a m'Korani. Zimene zinatengera ku India kawirikawiri pamwamba pake ndi pozungulira, ndipo zili ndi zisonga zikuluzikulu zamkuwa. Amati ku India zisongazo zinali zoletsa njovu zankhondo kugumula chitseko, koma ku Zanzibar zinangokhala zokongoletsa. M'mbali mwa mphuthu mumaona tcheni chosemedwa, maluwa, nsomba ndi mafunde.

Kujambula chitseko kumaoneka kophweka, koma ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Kanjira n'kopanikiza, simungabwerere m'mbuyo, ndiye mumapendeketsa foni kuloza m'mwamba kuti chitseko chonse chikwane. Zotsatira zake, mizere yoongoka ija imakumana kumwamba ndipo nyumba imaoneka ngati ikugwa chagada. Gwirani foni chilili, yofanana ndi khoma, pamsinkhu wa pachifuwa. Mafoni ambiri ali ndi timizere tothandiza kuongola chithunzi, tiyatseni. Ngati chitseko sichikukwana, musachikakamize. Jambulani mbali imodzi: loko wakale, zisonga zitatu, pamene manja a anthu akhala akugwira kwa zaka zana mpaka thabwa linasalala. Kuwala kochokera chammbali ndi kumene kumatulutsa zosemazo. Kukachokera kutsogolo, kapena mukayatsa fulashi, zonse zimaphwatalala. Ndipo kumbukirani kuti kuseri kwa chitsekocho kumakhala banja. Chikakhala chotsegula, kamera yanu isasuzumire mkati.

Kugombe kuli nyumba zikuluzikulu zomwe aliyense amajambula: linga lakale la Old Fort, limene Aomani anamanga atathamangitsa Apwitikizi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndi Old Dispensary ya makonde osemedwa. Zimenezi sizivuta, zijambuleni madzulo chifukwa zimayang'ana kunyanja kumene dzuwa limalowera. Koma ndikupempheni kuti muwolokenso msewu wa Creek Road mupite ku Ng'ambo, kumene kumakhala anthu ambiri a mumzindawo. Kumeneko kuli midadada italiitali ya nyumba za Michenzani, zimene boma la Abeid Karume linamanga pambuyo pa kusintha kwa boma kwa mu 1964, mothandizidwa ndi akatswiri a ku East Germany. Alendo sazijambula chifukwa sizifanana ndi Zanzibar ya m'malingaliro mwawo. Koma zovala zoyanikidwa m'makonde amenewo, ndi maminibasi otchedwa madaladala odzaza pansi pake, ndi mzinda womwewo, ndipo ulendo wanu ukhala wopereŵera mukazisiya.

[NYIMBO]

Tsopano chakudya. M'mawa pitani ku msika wa Darajani, womwe unamangidwa m'chaka cha 1904. Kumbali ya nsomba mumapeza malonda okuwa mitengo, nsomba zikuluzikulu zikukokedwa pansi ponyowa, mipeni ikugwira ntchito. Anthu amenewa ali pantchito, choncho musaime panjira pawo. Pezani pakona, msana kukhoma, ndipo mukagula kanthu kwa wogulitsa, kaya nthochi kaya zonunkhiritsa, kupempha chithunzi kumaphweka.

Madzulo dzuwa likamalowa, aliyense amalowera ku Forodhani, munda wa m'mphepete mwa nyanja umene bungwe la Aga Khan Trust for Culture linaukonzanso n'kuutsegula mu 2009. Anyamata amathamanga n'kudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma, masewero amene amawatcha makachu. Kuti muwagwire ali m'malere, dinani osachotsa chala kuti foni ijambule zithunzi zambiri motsatizana, kenako musankhepo chimodzi. Kukamada, matebulo amayalidwa, mbaula n'kuyatsidwa. Pali mishkaki, yomwe ndi kanyenya wotungidwa pakamtengo. Pali pweza, kanyama ka m'nyanja ka miyendo isanu ndi itatu. Pali chomwe amachitcha Zanzibar pizza, ufa wa tirigu wopyapyala wokutiramo nyama yogaya, anyezi ndi dzira, n'kukazinga pachiwaya. Pali madzi a nzimbe ofinyidwa pamakina pamodzi ndi jinja ndi ndimu. Ndipo pali urojo, msuzi wachikasu wowawasa umene amathiramo mbatata, tizitumbuwa ta nyemba totchedwa bajia, tchipisi cha chinangwa, tsabola ndi kokonati.

Mbale ya urojo mukaijambula yokha patebulo, palibe amene adzadziwe kuti munali kuti. Chakudya cha mumsewu chimakoma pachithunzi chikakhala m'manja mwa wochipanga. Jambulani dzanja likuswa dzira, chipande chikutunga msuzi, nzimbe ikulowa m'makina madzi akutuluka mbali inayo. Imani poti nyali ikhale kumbuyo kapena chammbali kwa mbaula, pakuti utsi ndi nthunzi zimaoneka bwino kuwala kukazidutsa kuchokera kumbuyo. Fulashi zimitsani, imapha mtundu wa moto, imanyezimiritsa mafuta, ndiponso imathobwa m'maso munthu amene wagwira mpeni. Usiku kamera imachedwa kutseka, ndiye dzanja likangonjenjemera chithunzi chimasokonekera: panikizani zigongono m'nthiti, kapena tsamirani mtengo. Pukutaninso galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa utsi wa mafuta ndi chinyezi cha kunyanja zimamatirira, ndipo zithunzi zimatuluka ngati kuli nkhungu. Funsani mtengo musanadye, ndipo mukajambula malonda a munthu, mugule.

[NYIMBO YODEKHA, ITSIKE MPAKA ITHE]

Pali malo amodzi ku Stone Town pomwe Mmalawi kapena Mzambiya sangaime ngati mlendo wamba. Ku Mkunazini kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican, Christ Church, chomangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa m'chaka cha 1873, mfumu Barghash ya ku Zanzibar itasaina pangano ndi boma la Britain kudzera mwa John Kirk, yemwe uja anafika ku Nyanja ya Malawi pamodzi ndi David Livingstone mu 1859, amenenso mapiri a Kirk Range anatengera dzina lake. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo anachokera kuno. Ankasonkhanitsidwa m'malo ngati Nkhotakota, kwa Jumbe, n'kuwolotsedwa nyanja pa zombo, n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa, ndipo opulumuka paulendowo ndi amene ankafika ku Zanzibar. Amishoni a UMCA amene anamanga tchalitchichi, motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere, ndi a mishoni yomwe ija inayambira ku Magomero mu 1861, imenenso pambuyo pake inadzakhazikika ku Likoma. M'katimo muli mtanda wopangidwa ndi thabwa la mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone.

Panja pali chikumbutso chimene mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, anapanga mu 1998: anthu asanu osemedwa, ataima m'dzenje, maunyolo ali m'khosi. Mudzaona alendo ena akujambulitsa pamenepo akumwetulira, zala zili m'mwamba. Inu musatero. Amene akuimiridwa m'dzenjemo akhoza kukhala a mtundu wanu, ochokera m'mudzi umene agogo anu ankaudziwa. Ngati mukufuna chithunzi, gwadani kuti kamera ifanane ndi nkhope zawo, osati kuwajambula muli pamwamba monga ankawayang'anira ogula. Nkhope yanu isakhalepo. Ndipo ngati mtima sukulola, palibe chokukakamizani kujambula.

[KACHETECHETE PANG'ONO, KENAKO NYIMBO]

Nthawi yatsala pang'ono, ndiye tikambe za zimene muchite mukabwerera kumalo ogona. Musatumize zithunzi zonse mazana atatu kwa abale. Khalani pansi, fufutani zobwerezabwereza, musankhe khumi kapena khumi ndi ziwiri zimene zikunena nkhani: chimodzi cha msewu wonse, china cha munthu, china cha manja, china cha chakudya, china cha kanthu kakang'ono. Zisungeni malo awiri, chifukwa foni imabedwa ndipo imagwera m'madzi. Zimene mwazikonda kwambiri kazitsukitseni papepala.

Chinanso, lembani dzina la malo ndi tsiku pa chithunzi chilichonse. Mumsewu wa Kenyatta Road muli sitolo ya zithunzi yotchedwa Capital Art Studio, imene Ranchhod Oza anatsegula m'chaka cha 1930. M'makoma mwake muli zithunzi za mafumu, za misewu ndi za madoko a zaka zambiri zapitazo, ndipo zithunzi zotere zimathandiza kwambiri ofufuza mbiri zikadziwika kuti zinajambulidwa kuti komanso liti. Pafupi ndi Forodhani pali House of Wonders, nyumba yaikulu ya makonde imene mfumu Barghash inamanga mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbapo. Pa 25 December 2020, mbali ina ya nyumbayi inagwa ili mkati mokonzedwa, ndipo anthu ena anafa. Amene anaijambula tsikulo lisanafike ali ndi chithunzi cha nyumba imene sidzaonekanso chimodzimodzi, ndipo tsiku lolembedwa pachithunzicho ndi limene limasonyeza kuti inali yotani isanagwe.

Pulogalamu yathu yathera pamenepa.

[KANYIMBO KOTSEKERA]